Tsiku Limene Chingwe Chinaduka

A Lameki anali m'chigafa akusoka fodya pamene foni inalira. Nambala inali ya ku Joni. Mayi wina wa ku Dowa anati iye ndi amene akudwazika Ezelina, mwana wawo, m'chipatala. Matenda akula, ndipo mwanayo akufuna bambo ake.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitatha osalankhulana. Ezelina anapita ndi mwamuna amene iwo anamukana, ndipo tsiku lonyamuka anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pawo. Mawu amenewo ankawadya mumtima zaka zonsezi. Ankangofuna mpata umodzi woti amuuze kuti zija zinatha, pakhomo ndi pake.

Koma sabata imeneyo mafoni ankavuta. A Mphepo, alamu awo, amene anakumbako ngalande ya chingwe cha netiweki, anali atawauza kuti chingwecho n'chagalasi, mawu amathamanga m'menemo ngati kuwala, ndiye okonza msewu achidula. Makina amapatutsira mawu kunjira ina yozungulira, koma popatutsapo amachedwa, moti mawu amafika mnzako atatopa kale kudikira. A Lameki anamva zonsezo, koma sanaziike kumutu.

Munthu wamkulu sayamba nkhani asanapereke moni. Mayiyo atapereka foni kwa Ezelina, A Lameki anafunsa mmene wadzukira. Kunali zii. Anafunsanso, ndipo mawu a Ezelina anatulukira pakati pa mawu awo. Onse awiri anasiya nthawi imodzi, aliyense kupatsa mnzake mpata. Zii kachiwiri.

Iwo anayesa kuti mwana akadali ndi mkwiyo, choncho anati ayambe amufewetsa. Anafunsa za ana, za kuzizira kwa kumeneko, ngakhale za mwamuna uja, mpaka kumutchula kuti mkamwini. Anamuuza kuti mvula inadula msanga, fodya wa chaka chino ndi wopepuka.

"Ababa, ine..."

"Nena, mwanawe."

Anadikira. Ataona kuti kuli chete anatsegula pakamwa kuti anene zimene anasunga zija, koma anamva kamawu kofooka kakuyambanso, nasiya. Nakonso kanasiya. Kenako foni inaduka.

Anasiya fodya pansi, natenga njinga kupita pa Santhe. Anapeza anthu ambiri ataimirira pafupi ndi nsanja ya netiweki, mafoni ali m'mwamba. Netiweki inabwera dzuwa litapendeka. Ataimba, anayankha ndi mayi wa ku Dowa uja, ndipo mmene anayambira, ndi pepani, A Lameki anadziwiratu. Anati watisiya cha m'ma thuu koloko.

Anafunsa ngati mwanayo anasiya mawu alionse.

"Mawu ayi, bambo. Anangogwira foni kukhutu nthawi yaitali. Nditamuuza kuti yaduka, anandiletsa ndi dzanja. Anati ndikhale chete, ababa sanamalize kulankhula."

A Lameki anathokoza mayiyo, naika foni m'thumba. Njinga sanathe kuikwera. Anaikankha njira yonse mpaka kumudzi, ndipo amene ankawapatsa moni panjira sanawayankhe.