Jailosi Anapatukira M'tchire

1.
Kutunga madzi. Kusinja mphale. Kuchapa nsanza za khanda lake Tereza. Kutsuka khasu la amayi. Ndizo ntchito zimene Esinala anagwira tsiku limene Mankhokwe, kapitao wa esiteti ya tiyi, anapezeka atafa panjira ya kudambo, mutu utang'ambika. Kapitao yemwe uja anazula chimanga cha amayi ake a Esinala poti sanapite ku thangata.

2.
Ku boma, mzungu wofufuza za imfayo anaitana mboni ziwiri. ANangondo analumbira kuti anaona Jailosi, mwamuna wa Esinala, akulumphira m'tchire pafupi pomwepo ataphimba kumaso. Che Likoswe, woweta ng'ombe, analumbira kuti panjirapo panadutsa munthu wamkazi, khasu lili paphewa. Nkhope sanaione. Maso awo ndi ang'ala.

3.
Mmodzi akunama, anatero mzungu kudzera mwa womasulira.

Esinala anamanganso mbereko, ngakhale inali yothina kale. Palibe akunama.

4.
Pa nthawi yopuma anthu anakangana panja, ena amvekere aNangondo ali ndi mangawa ndi Jailosi chiwakanire chibwenzi, ena amvekere Che Likoswewo ng'ombe zawo zomwe amazizindikira ndi fungo ndiye munthu angamuone bwanji, wina nkuti mwamuna wosalakwa sabisala masana, wina nkuyamba kumuyankha koma nkucheuka nkuona Esinala ndi amayi ake atakhala pamthunzi, nkungotsokomola

5.
Unabisala chifukwa chiyani? mzungu anafunsa Jailosi.

Jailosi anaweramitsa mutu.

Unathawa ndani?

Jailosi anayang'ana zala za kumapazi kwake.

6.
Iwe mzungu, sudziwa. Kuno mkamwini akaona apongozi ake aakazi akubwera panjira, amapatukira m'tchire, naphimba kumaso mpaka adutse. Ndi ulemu. Jailosi ali ndi apongozi amodzi basi. M'chipindamo aliyense anadziwa. Womasulira nayenso anadziwa, koma anangopukuta magalasi ake.

Palibe akunama.

7.
Esinala anamupeza Jailosi pakhonde, unyolo uli m'manja.

Bambo a Tereza, ndinene?

Mukanena, akapachika amayi anu. Ine alibe umboni woti andipachikire.

Nanga akakupachikani?

Amake Tereza, mwana wanyowa. Kamusintheni.

Atalowanso, mzungu anafunsa ngati panali wina wodziwa kanthu. Esinala anatulutsa bere, nayamwitsa mwana amene sanali kulira.

8.
Sanamupachike. Mlandu unapita kwa jaji, ndipo Jailosi anapita kundende ku Zomba.

Zimene zinapita: mwamuna. Denga la nyumba, poti panalibe wofolera. Dzina la Che Likoswe, amene mpaka kufa ankatchedwa wabodza. Tereza anayamba kuyenda, nayamba kulankhula, ndipo anatcha malume ake kuti ababa.

Zimene zinatsala: amayi, amene amadya naye mbale imodzi osayang'anana. Ndi khasu. Esinala analitsuka ndi mchenga, nalitsukanso ndi phulusa, ndipo tsitsi limene linakanirira pa mpini analichotsa ndi chikhadabo.

Amalimira lomwelo. Lina alibe.