Tinasamutsa Shedi ya Bambo

Munthu amene anagula malo athu ananena mosapita m'mbali kuti nyumba aisunga, koma shedi ayi. Akuti inkamuonongera pabwalo. Anatipatsa mpaka Loweruka kuti tiichotse, apo ayi aigwetsa yekha n'kuwaza nkhuni. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mawu ali kale pakamwa, koma amuna anga anandiponda chala.

Malowo sitinagulitse mwakufuna kwathu. Chimwalirireni amayi, bambo anayamba kuiwalaiwala. Poyamba zinali za makiyi ndi magalasi, ife n'kumaseka. Kenako tsiku lina anthu anawapeza pa siteji ya basi, hamala ili m'manja, osadziwa kumene ankapita. Achimwene amagwira ntchito kutali, ndiye tinagwirizana kuti bambo akakhale kwa ine. Aliyense anavomera kupatula eni ake. Ndikangoyamba nkhaniyo ankati, "Nanga shedi ndiisiyira ndani?" n'kutembenukira kukhoma. Ndinkaopa kuti tikawatenga mokakamiza azidzathawa kubwerera kwawo, tsiku lina galimoto n'kudzawapeza pamsewu. Ndiye ndinawalonjeza kuti shedi ipita nawo, yonse, mpaka msomali womaliza.

Kunena zoona, sinali yokongola. Nsanamira khumi ndi ziwiri za bulugama, mitanda pamwamba, malata adzimbiri, m'mbali matabwa otsala pa ntchito za anthu. Koma ife tinakulira mmenemo. Bambo anali kalipentala, ndipo mabedi a theka la dera lathu anatuluka pansi pa malata amenewo. Mvula ikamagwa sitinkamvana, tinkangolankhulana ndi manja. Ine ntchito yanga inali kuwongola misomali yopindika pamwala ndi kukhalira thabwa kuti lisagwedezeke pocheka. Pakamwa panga sipanayambe dzulo: ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinkauza makasitomala kuti asakhale pa mipando yosauma. N'chifukwa chake bambo ananditcha Kapitawo, ndipo dzina langa lenileni ankalitchula pokhapokha ndikalakwa. Madzulo amayi ankatikalipira tonse atatu, ine, achimwene ndi bambo, chifukwa cholowa m'nyumba ndi utuchi m'mutu, bambo n'kumaima pamzere limodzi nafe ngati nawonso ndi mwana.

Vuto la shediyo linali limodzi. Bambo sanagule mitengo yowongoka. Anadula okha, uliwonse ndi kupindika kwake, ndipo mtanda uliwonse anausema kuti ukhale pa nsanamira yake yokha basi. Malata nawo ankagula limodzi kapena awiri pachaka, ena aatali, ena aafupi. Chilichonse chinali ndi malo ake, ukachisuntha sichikhalanso pena.

Amuna anga ndi mphunzitsi wa masamu, ndiye anati zimenezo n'zosavuta. Lachinayi m'mawa anabwera ndi kope lojambulamo shedi yonse, ndi bokosi la choko. Anakwera makwerero n'kuyamba kulemba manambala pa lata lililonse, pa mtanda uliwonse, pa nsanamira iliyonse, mwaukhondo ngati kukubwera oyendera sukulu. Bambo anali pampando pansi pa mtengo, akuonerera.

"Choko n'cha m'kalasi, aphunzitsi," anatero mwa pansipansi.

M'mawa womwewo bambo anali atandifunsa katatu kuti lero n'lachingati, ndiye ndinangouza amuna anga kuti awasiye, apitirize. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Aganyu awiri amene tinawalemba anayamba kumwamba. Misomali inkalira pozulidwa, mavu anatibalalitsa kawiri, fumbi la zaka makumi anayi linatithira m'maso. Pofika masana denga linali pansi, dzuwa likuwala pamalo amene linali lisanawalepo kuyambira ndili kamwana. Nsanamira zinavuta. Tinkayesa tizipeza zitadyedwa ndi chiswe, koma zinatuluka zolimba gwa, kunsi kuli bii ndi oyilo wakuda amene bambo anapaka asanazikwirire. Itazulidwa yomaliza ndinaima pakati pa maenje khumi ndi awiri aja. Kamalo kake kuchepa! Ndinadabwa kuti ubwana wathu wonse unakwana bwanji pamenepo, ndipo misozi inangotsika yokha. Bambo anali atatembenuza mpando, akuyang'ana kumsewu.

Lachisanu tinapakira zonse pa lole yopanda tenti. Ine ndi bambo tinakhala kutsogolo ndi dalaivala, amuna anga ndi aganyu pamwamba pa katundu. Titayenda theka la ulendo kunachita mdima, kenako mvula inakhuthuka, ya madontho akuluakulu ija. Ine ndinkangodandaula za matiresi. Za choko sizinandibwerere n'komwe.

Titafika kwathu n'kutsitsa, mitengo yonse inali yoyera ngati yochapa ndi sopo. Nambala ngakhale imodzi. Amuna anga anaima chonyowa, kope lili m'manja, akuyang'ana kope, akuyang'ana mulu wa mitengo. Ndinawafunsa ngati kusukulu kwawo mvula imagwa cham'mwamba. Ndinanenanso zina zambiri zimene sindingabwereze pano, mpaka dalaivala ananyamuka osatsanzika. Iwo anangotseka kope n'kuyamba kulowetsa matiresi m'nyumba, ndipo zimenezo zinandipsetsanso mtima.

Loweruka tinayesa mwa chiyerekezo. Kuimika nsanamira, mtanda osafika. Kusintha, mtanda wafika koma ukugwedera. Kuika lata, mabowo a misomali ali pamphepo. Bambo anakhala pakhonde chikwama chili pamiyendo, nsapato atavala, akufunsa aliyense wodutsa kuti basi inyamuka nthawi yanji. Chakudya anakana. Ndinkawayang'ana n'kumadziwa kuti ndikangolowa m'bafa, ndikatuluka ndipeza apita.

Cha m'ma leveni waganyu wamkulu anatopa. Anati mayi, apa tisavutike, tingodula mitu ya nsanamira zonse zifanane, malata tiboole pena, ikadontha mudzamata. Ine mphamvu zinali zitandithera, ndinangogwedeza mutu. Anatenga sowo n'kuigoneka pa nsanamira yoyamba. Inangolira kawiri.

"Ika pansi sowoyo."

Mawu a bambo otere ndinali ndisanawamve kwa zaka zitatu. Waganyu anaponya sowo ngati yamuotcha. Bambo anatsika pakhonde, chikwama n'kuchisiya pampando, n'kupita pa mulu paja. Anagwada movutikira n'kuyamba kusisita mitengo ndi chikhatho, umodziumodzi. Anakoka wina wopindika chapakati n'kunena kuti uwu ndi wa pakona ya kum'mawa, mimba yake iyang'ane kunja. Anakoka wina n'kuti uwu anaudula chaka chimene ine ndinathyoka mkono, umakhala pakati kumbuyo, ndipo mnzake ndi mtanda wa mfundo ziwiri uja. Amuna anga anathamanga kukautenga. Titaukweza unangoti khatha, osafuna n'komwe hamala.

Munthu amene sankadziwa kuti lero n'lachingati ankadziwa lata lililonse ndi chaka chimene analigula. Masiku atatu anatiyendetsa ngati ana. Anakalipira aganyu chifukwa chopinda misomali, anandikalipira ine chifukwa choima pamene pakudutsa mtanda, aphunzitsi anawatuma madzi, anawatuma chingwe, iwo n'kumangoti inde bambo, kope litaiwalika pawindo. Ankadya mbale yonse n'kupempha zina. Ankaimba mluzu womwe uja wa kale, wa nyimbo imene palibe anaidziwapo mutu wake. Ine ndinkawongola misomali pamwala, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, mtima uli mbee. Ndinali nditawapezanso bambo anga, ndipo ndinayamba kudzinamiza kuti mwina achira.

Lachiwiri masana lata lomaliza linakhomedwa. Misomali yonse inalowa m'mabowo ake akale. Bambo anazungulira shediyo kawiri, anagwedeza nsanamira iliyonse, anayang'ana kudenga ngati pali poonekera dzuwa. Kenako anasamba m'manja pa mpopi, anapukuta hamala ndi malaya, n'kupita pakhonde kukatenga chikwama chija.

"Kapitawo, ntchito ya anthuwa tamaliza," anatero. "Tiye tizipita, amayi ako atidikira."

Amuna anga anayang'ana pansi, aganyu anayamba kutolera zingwe zimene anali atatolera kale. Ndikanawauza chiyani? Kuti kunyumba kuja kuli munthu wina, amene mwina wasintha kale maloko? Kuti amayi tinawaika zaka zitatu zapitazo, iwo omwe ataima pambali panga? Ndinali nditawauzapo kamodzi chaka chatha, ndipo analira ngati akumva koyamba. Sindinafune kuwaonanso choncho.

Shediyo sinakhalepo ndi chitseko chiyambire. Sindikudziwa kuti maganizowo anachokera kuti.

"Bambo," ndinatero, "eni ake akuti akufunanso chitseko."

Anayang'ana shedi, anayang'ana dzuwa, n'kutsonya.

"Anthu ake otani osanena zinthu nthawi yabwino? Lero sichingatheke. Ndiye kuti tigona konkuno." Anatula chikwama. "Ukawauze amayi ako asatidikire."

Ndinati ndiwauza.

Pano ndi mwezi wachinayi, chitsekocho sichinathe. Bambo amadzuka m'mawa, amamwa tiyi ali chiimire, n'kupita ku shedi kukayeza, kupala ndi kukhoma. Kumsewu sanayendeko ngakhale tsiku limodzi. Madzulo bambo akalowa m'bafa, amuna anga, munthu amene sananamepo ngakhale kwa mwana wa sukulu, amatenga hamala n'kukazula misomali itatu kapena inayi, thabwa limodzi n'kulibweza pa mulu. M'mawa bambo amaima patsogolo pa chitsekocho manja ali m'chiuno, n'kudandaula kuti matabwa a masiku ano ndi achabechabe. Ine ndimawavomereza, kenako ndimakhalira thabwa kuti acheke.