Soseji Zogona M'buti

Soseji zinadziulula zokha amake Kambewa atangong'amba pepala. Zinali zoterera ngati zapakidwa sopo, ndipo kunsonga zinali zitabiriwira. Ananunkhiza kamodzi, mutu unabwerera wokha m'mbuyo.

Zina zonse zinali zitakonzeka pathebulo la kukhitchini. Buledi wadzana anali atamuduladula n'kumuumitsa mu uvuni. Anyezi anali atafewa mu batala. Maapozi awiri owawasa anali m'madzi a mandimu kuti asade, mphesa zouma zikufufuma m'kapu ya madzi ofunda. Nkhukundembo inali chagada m'thireyi, yopukutidwa m'kati ndi kunja, kudikira kuti zonsezi azisakanize ndi soseji n'kuzilonga m'mimba mwake. Linali tsiku la chikondwerero, ndipo abale onse a mwamuna wake ankabwera kudzadya kwawo. Kanali koyamba chikwatirane.

Mwamunayo, dalaivala wa pakampani, analowa akumanga mabatani a shati yoyera yatsopano.

"Bambo a Kambewa, sosejizi zinali kuti?"

"Anandipatsa abwana. Ndinakuuza."

"Munandiuza Lachinayi. Lero ndi Lamulungu, ndipo mufiliji sindinazione."

Anayang'ana kuwindo. "Zinali m'buti. Ndiye bwanji? Moto umapha chilichonse."

"Masiku atatu galimoto ili padzuwa? Izi ngakhale galu angakufunseni kuti wakulakwirani chiyani."

"Iwe, achimwene ndawauza kale kuti lero adya nkhukundembo ya soseji. Alamu ako aja, amene amati kwathu kuno timadya mafupa, ndawauzanso. Ukufuna ndisanduke wabodza pamaso pawo?"

"Ndiika bowa ndi mtedza. Zikoma, palibe amene adziwe."

Mbama inamupeza asanatseke pakamwa. Khutu linalira, chiuno chinagunda ngodya ya thebulo, kapu ya mphesa n'kugwa n'kusweka. Mwamunayo anamugwira kumbuyo kwa khosi n'kumuweramitsa mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza sosejizo.

"Sukulu unaithawa uli ndi mimba, lero wasanduka dokotala wa nyama? Phika."

Anaphika. Anang'amba zikopa za soseji ndi mpeni, nafinyira nyamayo m'mbale yaikulu. Anathira buledi, anyezi, maapozi, mphesa zimene anatola pansi n'kuzitsuka, dzira limodzi, mchere ndi tsabola. Mwamunayo anaima pakhomo la khitchini manja ali m'thumba, ngati kapitawo.

Mumtima mayiyo anali ndi pothawira pamodzi pokha. Iye sankalonga nkhuku asanalawe. Ankatapa sipuni imodzi ya zosakanizazo, kuiumba ngati kachitumbuwa, kuikazinga payokha, kuti amve ngati mchere wakwana. Fungo la nyama yoola limabisala pozizira, koma pamoto silibisala. Anaganiza kuti likangofika m'mphuno za mwamunayo, adziletsa yekha popanda wina kumuuza.

Anaika chiwaya pamoto, nathira mafuta, naponyamo kachidutswako. Kanalira kuti tswaa.

Chimene anaiwala n'chakuti phokoso limenelo linali ndi mwini wake. Kolawa m'nyumbamo nthawi zonse kankakhala ka mwana, ndipo dzina la Kambewa linachokera pomwepo. Timapazi tinamveka pakhonde, ndipo kamtsikana ka zaka zinayi kanatulukira m'diresi yake yachikasu, kakutambasula dzanja.

"Amama, kanga!"

Mwanayu chaka chatha anagona sabata yathunthu kuchipatala, dilipi ili pamkono, maso atalowa m'kati, chifukwa cha nyama yogona. Thupi linali lisanabwerere n'komwe.

"Lero kulibe. Pita ukasewere kuchipinda."

Fungo linali litadzaza kale khitchini, lowawasa, lonyansa, ngati la m'ngalande. Mwamunayo analimva, mphuno yake inakwinyika, mkazi wake anaona ndi maso ake. Koma munthuyo anali atapita kale patali. Anatenga foloko, nabaya kachidutswako m'chiwaya, kakadali kofiira pakati, nayamba kukauzira.

"Bwera, mwana wa adadi. Idya, uwaonetse amako kuti ndi abodza."

"Idyani inuyo!"

"Wati chiyani?"

"Ngati n'zabwino, idyani inuyo. Mwanayo musiyeni."

Mayiyo analumphira folokoyo. Chigongono cha mwamunayo chinamulandira pakamwa, ndipo anamva dzino likusuntha, magazi amchere akudzaza lilime. Anagwira shati yoyera ija, mabatani anathothoka n'kubalalika pansi. Mwamunayo anamukoka tsitsi n'kumuwombetsa pafiliji. Mabotolo analira m'katimo. Kenako anamupanikiza pakhosi ndi mkono umodzi, wina atautambasulira mwana.

"Yasamula."

Kambewa anali atauma pomwe anaimapo, mikodzo ikutsika m'miyendo.

"Ndati yasamula! Ndipo usalavule."

Mwanayo anayasamula. Foloko inalowa, inatuluka yopanda kanthu.

Mayiyo sanakuwe, chifukwa mpweya unali utatha. Dzanja lake linafufuza pasitovu, linapsa pa chitsulo, linapeza chogwirira cha chiwaya. Anachizunguza ndi mphamvu zonse zimene anali nazo. Chinatera m'mbali mwa mutu wa mwamunayo ndi phokoso louma, mafuta otentha n'kumwazikira pakhosi ndi pachifuwa. Mwamunayo anabangula ngati ng'ombe, nam'siya, nagwira kumaso. Pobwerera m'mbuyo anakoka nsalu ya pathebulo, ndipo mbale yaikulu, thireyi ndi nkhukundembo zinagwera pansi pamodzi naye. Anayesa kudzuka, phazi linaterera pa zosakaniza zija, anagwanso chagada.

"Ndikupha, hule iwe! Lero ndikupha!"

Mwamunayo anamugwira mwendo pamene mkaziyo ankamulumpha. Mayiyo anamenyanso, ulendo uno pa zala, kawiri, mpaka zinamasuka. Anaponya chiwaya, ananyamula mwana m'khwapa ngati mtolo, nathamangira kubafa. Anakhoma loko, natsamira chitseko ndi msana, mapazi atawaponda pa chimbudzi kuti alimbe.

"Yang'ana kuno. Wameza?"

Milomo Kambewa anali atairumanitsa zolimba, misozi ikungoyenderera.

"Tsegula pakamwa, mwana wanga."

Anapukusa mutu.

Chitseko chinagunda kumsana kwa mayiyo ngati chawombedwa ndi galimoto. Zomangira zake zinalira. Kunjako mwamunayo ankatukwana iye, amayi ake ndi mtundu wake wonse, kwinaku akuponda ndi chidendene. Fumbi la penti linagwera m'tsitsi la mwana.

Mayiyo analibe nthawi yonyengerera. Anamufinya masaya ndi zala ziwiri mpaka nsagwada zinatseguka, nalowetsa chala cha mkombaphala. Mwanayo anamuluma, iye sanachotse. Anasesa palilime, panalibe kanthu. Pansi pa lilime, panalibe. Ndiye kuseri kwa mano, m'tsaya lakumanzere, chala chinagunda kanthu kofewa.

Anakakokera kunja n'kukaika pachikhatho. Anakatembenuza, nakayang'anitsitsa mbali zonse. Kanali kathunthu, mabowo anayi a foloko akuoneka, kamphesa kamodzi katamatirira pamwamba. Palibe dzino limene linakakhudza.

"N'konunkha, amama," anatero Kambewa akusisima. "Koma adadi anati ndisalavule."

"Wachita bwino. Wachita bwino kwambiri."

Anakaponya m'chimbudzi. Osachotsa msana pachitseko, anatambasula mkono, natsegula mpopi wa pasinki, natunga madzi m'kapu ya miswachi. Magazi a pakamwa pake ankadonthera pa diresi yachikasu, koma sanawapukute.

"Tsuka m'kamwa. Usameze, lavulira apa."

Mwanayo anachukucha, nalavula.

Chitseko chinagundanso, thabwa lapakati n'kung'aluka kuchokera pamwamba mpaka pa loko. Mayiyo anakankha mapazi mwamphamvu, natunganso madzi ena.

"Tsukanso," anatero.