Mlendo Anadya Mazira a Tiyamike

Sipankatha sabata mwana wanga Tiyamike osadwala. Chifuwa chikachoka, kutsegula m'mimba kunkalowa. Nditamubereka mpaka ku chipatala cha ku Furancungo, namwino anandiuza mosabisa kuti chitetezo cha m'thupi mwake chafooka. Anati ndizimupatsa nyemba, nsinjiro, masamba, magwafa akapezeka, ndiponso dzira tsiku lililonse.

Nyemba, amuna anga a Silvestre anali atagulitsa zonse mpaka zambewu. Chotsala chinali thadzi limodzi lamawangamawanga, ndipo linkaikira m'mawa uliwonse osajomba. Patatha masabata atatu masaya a Tiyamike anayamba kubwerera. Mtima wanga unakhala pansi.

Kenaka kunatulukira a Fumbani, mlangizi wa kadyedwe wa bungwe lina, pa njinga yamoto. Anakhala pampando wathu umodzi womwewo n'kutambasula zithunzi: apa nsomba, apa dzira, apa lalanje la manja likumenya tizilombo zibakera.

"Dona Hortência," anatero akundiloza ndi cholembera, "puloteina imamanga asilikali a m'thupi. Antiokisidante amawateteza kuti asachite dzimbiri. Percebeu? Mwamva?"

Ndinagwedeza mutu. Zimene namwino ananena m'mawu asanu, iwo anazikoka maola awiri.

Dzuwa litafika pamutu, a Silvestre anandikodolera kuseri kwa nyumba. "Munthu wameza fumbi kuchokera ku Furancungo. Timupatse chigwada? Mudzi wonse utiseka. Gwira nkhuku."

"Bambo a Tiyamike, nkhuku ndi imodzi. Ndiyo mankhwala a mwana."

"Ulemu kaye," anatero, n'kuyamba okha kuithamangitsa. Chikwatirane, sindinawaonepo akuthamanga chonchija.

Kwathu kuno nkhuku ya mlendo imayamba yaonetsedwa kwa iye ili yamoyo. Apa ndinali ndi chiyembekezo. Munthu wophunzira, woyenda ndi chithunzi cha dzira m'chikwama, akana ndithu. Ndinagwada, n'kunena mokweza kuti, "Ndiwo zanu izi, achimwene. Ndi thadzi loikira, lokhalo lomwe tili nalo."

A Fumbani analigwiragwira pachidali. "Muito bem, zili bwino kwambiri. Zachikuda ngati izi ndiye zili ndi puloteina yeniyeni."

Ndinalisosola misozi ili m'maso. M'mimba mwake ndinapezamo mazira osakhwima asanu ndi limodzi, ondondozana kuyambira lalikulu mpaka kakang'ono. Amenewonso, pamodzi ndi nthutumba, amapita m'mbale ya mlendo, ndipo a Silvestre anaimirira pakhomo la khitchini kuti ndisabise ngakhale limodzi. Mlangizi anadya onse, akufotokoza ubwino wa chilichonse asanachiponye mkamwa. Tiyamike analandira chipalapasiro.

Atasamba m'manja, a Fumbani analemba m'kabuku kawo kuti banja lathu lamvetsa phunziro. Anakwera njinga, n'kumusisita mwana pamutu.

"Musaiwale, dona. Dzira limodzi tsiku lililonse, osadumphitsa."

A Silvestre anaomba m'manja mwaulemu, nthenga zikadali pamalaya awo. "Sim, senhor. Tiyamba mawa."