Mitumbira ya pa Kasupe wa Nachanje

Husna anaima pansi pa mkuyu, ndowa ili m'manja, akuyang'ana mayi amene ankasesa manda opanda maliro.

Ankadziwa kuti m'mandamo mulibe munthu, chifukwa anawaumba ndi iyeyo, ndi khasu la mayi ake, pamodzi ndi anzake a kalabu ya zachilengedwe ya kusekondale. Komabe a Eliza, mayi wa imvi wogulitsa chinangwa chophika pamsika wa Chikweo, anali atagwada pa kamtumbira kakumapeto, akuchotsa masamba ndi dzanja mofatsa ngati akupukuta nkhope ya mwana wogona.

Zonsezi zinayamba chifukwa cha kasupe wa Nachanje. Madzi akewo! Yendani kuchokera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, muwoloke malire mukafike ku Cuamba, simudzamwa madzi ozizira chonchi, oti mano amachita kudandaula. Mijigo ya m'mudzi inkauma mu Okotobala, koma kasupeyu ankangotumphuka pansi pa mibawa ndi mikuyu yake, ndipo midzi yonse yozungulira inkamwa pomwepo. Ana asukulu ankadziwa chimene chimapha kasupe. Anali ataona wina kuseri kwa phiri akuuma chaka chomwe mitengo yake inalowa mu uvuni wa njerwa.

Tsopano mitengo ya pa Nachanje inali itapatsidwa kwa a Blasius, munthu amene anachoka pamudzi wopanda nsapato n'kubwerera ndi malole awiri. Ankamanga nyumba yaikulu yogona alendo ku Ulongwe, ndipo njerwa zake zinkafuna nkhuni. A kalabu analemba zikwangwani, anaimba, anachita sewero pamsika. A Blasius anaonera sewero lonse, anaomba m'manja kuposa aliyense, n'kuwagulira zigumu.

"Ana inu, ine ndaona Joni, ndaona Beira, ndaona Dar es Salaam!" anatero. "Kumeneko madzi amatuluka pakhoma, ukangopotokola. Inu mukulirira chithaphwi cha achule?"

Nzeru ya manda inachokera kwa Yotamu, mnyamata wa Fomu 3 amene ankakhala benchi limodzi ndi Husna.

"Tayang'anani dera lonseli," anauza anzake. "Mitengo ikuluikulu yatsala pati? Kumanda basi. Odula mitengo saopa zikwangwani zathu, koma akufa amawaopa."

"Iyayi," anatero Husna. "Kwathu mtsikana sapondako kumanda."

"Manda ake ati, Che Husna? Iyi ndi mitumbira ya mbatata, kungoti mbatata zake mulibe."

Onse anaseka, ndipo Husna, amene anali wapampando wa kalabu, anavomera. Loweruka lina, anthu onse atakhamukira kubwalo kukaonera mpira wa chikho, iwo analowa m'chitsamba cha kumunsi kwa kasupe ndi makasu. Anaunjika dothi, anazunguliza miyala, anamwaza mapale a miphika ndi masamba ouma. Husna anatopa msanga. Anasankha pamalo pamene panali pofewa, polowa pansi pang'ono ngati mbale, n'kuumbapo kamtumbira kakang'ono kuti athane nazo. Dothi litauma, kalabu inapita kukalambula chitsambacho, anthu akuona, n'kufuula kuti yapeza manda.

Husna ankayembekezera kuti akuluakulu aziseka. Sanaseke. Anaima phee, akuyang'ana mitumbira ija, imene inaloza uku ndi uku, yosakhala ya Chisilamu kapena ya Chikhristu. Kenako bambo wina wokalamba ananena motsitsa mawu kuti ndi a othawa nkhondo ya ku Mozambiki, amene ankagona pakasupepo akangowoloka malire, ndipo ankaika maliro mothamanga. Wina anakumbukira kulira kumene kunkamveka m'mitengomo. Wina anatchula dzina. Pofika madzulo mudzi wonse unali utakumbukira anthu amene Husna anawaumba ndi khasu.

Odula mitengo a m'mudzimo anakana kukwezapo nkhwangwa. Kalabu inapambana. Koma malo aja anasintha. Amayi amene ankabwera ndi miseche ndi nthabwala anayamba kutunga mwakachetechete, n'kumachoka osacheuka. Dzuwa likafika paliwombo, nyenje zinkalira, kenako n'kusiya zonse pakamodzi ngati wina walowa. Ndipo m'mawa uliwonse kamtumbira kaja kankapezeka kosesedwa.

Lero Husna anali ataona wosesayo.

"Bwera kuno, mwanawe," anatero a Eliza osatembenuka. "Usaope. Sakhala wovuta ameneyu."

Husna anasendera.

"Dzina lake ndi Esther. Mano anali asanamere. Anazizira ndili naye kumsana, tikuwoloka dambo, ine n'kumayesa wagona. Bambo ake anakumba pano. Tsiku lomwelo lole inatitenga kupita ku kampu. Pobwerera ndinapeza tchire lokhalokha. Bambo ake anamwalira asanandisonyeze. Ndayenda m'mitengo muno mpaka tsitsi lachita kuyera." Anasisita dothi lija. "Inu ana asukulu mwandipezera."

 Husna akanena zoona, nkhwangwa zibwera mawa, ndipo chaka chamawa mayi ake ndi ang'ono ake aziyenda ndi zigubu mpaka kudambo. Akapanda kunena, mayi uyu azigwadira dothi la khasu lake mpaka kufa. Anatunga madzi n'kuthawa.

"Khala chete," Yotamu anamuuza kusukulu, Husna atamufotokozera za a Eliza. "Mvula ikangogwa, za uvuni zatha, tapulumuka chaka chino. Iwowo akusangalala, kasupe ali moyo. Walakwira ndani?"

"Iwe sunawaone maso awo."

"Ndiye usamawayang'ane."

Mvula inachedwa. Lachisanu lina, anthu atangotuluka ku mzikiti, lole ya a Blasius inaima pamsewu, fumbi lili koboo. A Blasius anatsika pamodzi ndi amuna awiri a ku Balaka, onyamula makasu, anthu osadziwa aliyense wa kuno, wamoyo kapena wakufa. Khamu linawatsatira mpaka pakasupe. Husna ndi Yotamu anali m'gulumo ndi yunifolomu zawo. A Eliza anali pamalo pawo, pa kamtumbira kaja.

A Blasius anazungulira mitumbira ija, manja ali kumbuyo, mimba patsogolo, akumwetulira.

"Abale anga, ine ndaika maliro m'mayiko anayi," anatero mokweza. "Ndanyamula bokosi ku Tete, ndaponya dothi ku Soweto. Ndikufunseni. Manda a nthawi ya nkhondo ija, mvula yonseyi yagwa, angakhale otumphuka chonchi ngati buledi? Manda akale amatitimira! Amalowa pansi! Awa ndi a dzulodzuloli, ndipo amene anawaumba sanaikepo maliro chibadwire."

Anthu anayang'anana. Yotamu anaweramitsa mutu.

"Tikumbe amodzi tione. Aang'onowa, kuti tisachedwe."

 Mphepo inaleka, masamba a mkuyu anangoti zii. A Eliza sanalire kapena kutukwana. Anadzuka, anasuntha pang'ono, n'kukhala pamuzu, miyendo atatambasula.

"Mukumbe bwino, achimwene," anauza amuna aja. "Mutu uli uku. Mupeza mbale ya maluwa ofiira. Tinamuvundikira kumaso kuti dothi lisamulowe m'maso."

Apa Husna analephera kupirira. Anaona m'maganizo mwake dzenje lopanda kanthu, ndi mayi uja akusuzumiramo pamaso pa mudzi wonse, akutaya mwana wake kachiwiri.

"Musakumbe!" anafuula. Mawu ake anamveka achilendo m'mitengomo. "A Blasius, musakumbe. Ndi ife. Tinaumba ndife, a kalabu, tsiku la mpira. Aang'onowo ndinaumba ndine. Mulibe kanthu. Amayi, pepani, mulibe kanthu."

"Husna!" Yotamu anamukoka dzanja, koma mawu anali atatuluka kale.

Phokoso linabuka. Ena anati asitagafirula, kupempha Mulungu akhululuke, ena anaseka mwamanyazi. A Blasius anamenya ntchafu yawo.

"Mwamva? Ha! Ana awa adzafika patali, ndikukuuzani, nzeru zotere ndinaziona ku Joni kokha! Koma kumbanibe, anyamata. Mpaka m'mawondo, pasadzapezeke wonena kuti Blasius anadula mitengo ya kumanda."

A Eliza sanamuyang'ane n'komwe Husna. Maso awo anali pa makasu.

Dothi lofiira limene Husna anaunjika linachoka msanga, ndi miyala yake ndi mapale ake. Pansi pake panaoneka malo olowa aja. Makasu anapitirira m'dothi lakuda, lonyowa, lonunkha mizu.  Husna anayang'ana m'mwamba, ku nthambi za mbawa waukulu, akuganiza kuti mawa sudzakhalapo.

Ngwe!

Khasu linalira pachitsulo. Wokumbayo anaima. Anayang'ana mnzake, kenako anagwada n'kuyamba kufukula ndi zala. Panatuluka mkombero wozungulira, wadzimbiri. Anapukuta ndi chala chachikulu, ndipo pansi pa matope panaoneka kaduwa kofiira.

Munthuyo anatuluka m'dzenjemo chafutambuyo, khasu analisiya momwemo.

"Bwana," anatero, "ife izi ayi."

 Madzi okha a kasupe ndi amene ankamveka, akutsetsereka pamiyala.  A Blasius anavula chipewa. Anayang'ana mitumbira inayo, umodzi umodzi, ndipo milomo yawo inkagwedera ngati akuwerenga. Kenako anatembenuka n'kulunjika kumsewu, amuna aja ali pambuyo. Lole inalira, inapita yopanda chikuni ngakhale chimodzi.

Anthu anayamba kuchoka awiriawiri, osalankhula. Ena pomudutsa Husna ankamupatuka, n'kumamuyang'ana cham'mbali. Bambo wokalamba uja anaima pafupi naye.

"Anakuuza ndani kuti ndi pamenepo?" anafunsa monong'ona.

"Palibe. Panali pofewa basi."

Bamboyo anagwedeza mutu, osakhutira, n'kumapita. Ngakhale Yotamu anali atazimiririka.

A Eliza anatsikira m'dzenjemo. Sanaivundukule mbale ija. Anaisisita kamodzi, n'kuyamba kubwezera dothi ndi manja, lakuda poyamba, lofiira pambuyo. Husna anagwada n'kuwathandiza, ndipo mtumbira umene anaumba awiriwo unali wautali kuposa woyamba uja.

"Kanditungire madzi, mwanawe," anatero a Eliza. "Tithirepo, dothi ligwirane."

Husna anatola chigubu chimene wina anaiwala pochoka. Njira yachidule yopita kukasupe inkadutsa pakati pa mitumbira inayo, imene anzake anaumba akuseka, aliyense pamene khasu lake linalowa mosavuta. Anafika pa woyamba, phazi lili m'mwamba kuti aulumphe. Analibweza. Anazungulira patali, m'minga, chigubu atachikumbatira kuti chisachite phokoso.