Mankhusu a Pachigayo cha a Hamadi

Blasius anaimika njinga yamoto kuseri kwa chigayo cha mpunga cha a Hamadi pa Ntaja, natulutsa tepi yoyezera. Chikhomo chimene anakhoma m'mphepete mwa mulu wa mankhusu sabata yatha tsopano chinali patali ndi muluwo, mapazi anayi athunthu.

Anamwetulira. Pa ntchito yoona zachilengedwe anali atangothapo miyezi isanu, koma masamu ake sankanama. Chigayo chikulira tsiku ndi tsiku, mulu ukuchepa, khwawa la kumunsi ladzaza mankhusu owola mpaka madzi kununkha. Ndiye kuti mkuluyu akutaya m'madzi. Kalata yotsekera chigayo inali kale m'thumba la malaya.

"Mwabweranso ndi kachingwe kanu, achimwene?" anatero a Hamadi, akukutumula fumbi pachisoti chawo. "Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma inu mwanyamula chikwanje."

"Ndinakuuzani kuti mukumbe dzenje, muzikwirira tsiku lililonse. Dzenje kulibe. Nanga mankhusu akupita kuti?"

"Ali ndi miyendo."

"Bambo, ine sindinabwere kudzacheza."

"Iyayi, khalani apo pamthunzi. Ndikuzimitsa injini, nthawi ya swala yakwana, ndikapemphere. Mukawaona akuyenda, mutseke chigayochi."

Injini itangoti zii, m'munda wa chimanga chimene chinauma chisanabereke munatuluka amayi, mmodzimmodzi, aliyense ndi lichero m'khwapa. Sanalonjerane. Anagwada mozungulira mulu nayamba kupeta. Mphepo inkatenga mankhusu kutsikira nawo kukhwawa, ndipo pansi pa lichero pankatsala timpunga tosweka, tosadzaza ndi dzanja lomwe.

"Sefa ndinaiboola dala," ananong'ona a Hamadi. "Mpungawo ndi wanga. Chaka chino munthu ukamupatsa m'manja amaweramitsa mutu. Akapeta yekha kudzala amati wagwira ntchito."

Blasius sanawamvenso. Maso ake anali pa mayi wina wa mpango wobiriwira, amene ankapeta mogwedeza phewa lamanzere. Kapetedwe kameneko ankakadziwa. Anali a Eliza, achemwali ake, amene anamulera mayi awo atamwalira. Dzana lomweli pafoni anamuuza kuti, "Kuno kulibe vuto, chimanga chilipo, iwe limbikira ntchito."

Anayandikira, tepi ikadali m'manja. A Eliza anadzutsa mutu. Anayang'ana nsapato zake zopolisha, kenako amayi anzawo aja, nakokera mpango kumaso.

"Takulandirani, bwana," anatero.

Mayi wina wachikulire anaseka osasiya kupeta. "Ndi bwana wa dzenje uja ameneyu? Bwana, mukamakwirira muyambe ndi ife, mankhusu abwere pamwamba."

Ena anaseka nawo. A Eliza sanaseke. Blasius anafuna kunena kuti "achemwali", koma anazindikira kuti mawu amenewo awavula pagulu.

"Zikomo, mayi," anatero Blasius kwa a Eliza.

Anabwerera kwa a Hamadi, amene anali atayamba kale kusamba m'manja pampopi.

"Dzenje likumbidwe ndithu," anatero motsitsa mawu. "Khwawalo anthu akumwa. Koma mulu muusamutsire kumtunda, kuseri kwa khoma, kopanda mphepo. Muzikwirira okhawo amene apetedwa kale."

"Nanga kuofesi mukanena kuti ankataya m'madzi ndani?"

Blasius anapinda tepi yake pang'onopang'ono. "Ndikalemba kuti ndinayeza molakwa."

Anakankha njinga osailiza mpaka kumsewu, kuti amayi aja asatembenuke. Kumeneko anakhala pamwala pansi pa mtengo wa mango, pamene njira ya kwawo imapatukira, nayamba kudikira achemwali ake, osadziwa kuti akafika ayambe ndani kuyankhula.