Ayisi wa pa Maliro a Tabita

Rakele analandira bokosilo ku bwalo la ndege ku Lumbadzi cha kum'mawa, atalidikira mpaka kutopa. Linali loyera, lodzaza ayisi wouma, uja wofuka utsi. Pakati pa ayisiyo panali kabotolo kochepa ngati kachala ka khanda, ndipo m'menemo munali enzaimu, mankhwala ofufuzira mu labu, yopangidwa kunja, dzina lake salifotiransifelezi.

Ofunsa za ntchito yake ankawauza chonchi: pa nsengwa ya mayi woyembekezera, yomwe mwana amadyerapo ali m'mimba, pali timaunyolo ta shuga, ndipo enzaimu imeneyi ndiyo imamata salifa pa timaunyoloto. Pomwe pamatidwa salifa m'pamene magazi ogwidwa malungo amakakamira. Iye ankafuna kuona mu labu mmene zimachitikira. Digiri yake yonse inali m'kabotolomo, ndipo omuthandiza ndi ndalama anali atanenetsa kuti kachiwiri sadzagula. Lamulo linali limodzi: kakangotenthedwa, katha ntchito.

Asanatuluke pageti, mchimwene wake Obed anaimba foni. Tabita, mng'ono wawo, anali atamwalira ndi malungo, ali ndi pakati.

Labu inali ku Lilongwe, maliro ku Nachisaka, njira zosiyana. Nzeru inati kayambe wasiya bokosi mufiriji. Koma mkulu wake wa malemu afike thupi litalowa kale m'nyumba? Anthu akwathu nkhani yotere amafa nayo. Akanati sukulu yamudya mutu. Anadziuza kuti ayisi apirira mpaka mawa madzulo, n'kukwera minibasi ya ku Dowa, bokosi pamiyendo, misozi ili mbwembwembwe.

Kumudzi anakankhira bokosi kunsi kwa bedi la bambo ake, a Elifala, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo. Anawauza kuti n'za kuntchito, zisakhudzidwe. Kenako anakakhala pamphasa ndi amayi pafupi ndi thupi, pomwe mwini maliro sadzukadzuka.

Tsiku loika kunali dzuwa la Okutobala, loswa mtengo. Ndipo a Elifala, tinene zoona, ndi munthu woti ngakhale imfa ya mwana wawo singawaiwalitse ulemu wa alendo.

Mwambo wa kumanda uli kumapeto, wolengeza anayamba kuthokoza. Anathokoza adzukulu chifukwa chokumba, amayi a Mvano chifukwa cha nyimbo, achibale a ku Malomo chifukwa cha ufa. Kenako anakweza mawu.

"Tithokozenso mayi Rakele, amene m'chisoni chomwechi anakumbukira kutitengera ayisi wa kutauni. Abusa ndi akulu a mpingo amwa zozizira."

Anthu anagwedeza mitu, kuyamikira mwana woleredwa bwino. Rakele sanadikire pemphero lotsekera.

Bokosi analipeza pakhonde, muli mabotolo a zakumwa opanda kanthu, limodzi lophulika ndi kuzizira. Obed, amene anafika pambuyo pake, anabisa kumbuyo zala zomanga kansanza, poti ayisi wouma amawotcha. Kabotolo kanali pazenera, pa sosala yamaluwa ija ya alendo okhaokha, dzuwa likukawomba chiyambire m'mawa. Atakagwira kanali kofunda.

A Elifala analowa akutsamira ndodo, jekete lakuda lili fumbi lokhalokha.

"Usade nkhawa, mwanawe, mankhwala ako ndawasamala ndekha," anatero. "Anali ataumiratu gwa, ndiye ndinati asungunuke padzuwa."

Rakele anapsa mtima. Anawada abusa ndi kukhosi kwawo, anada ulemu wa nyumba imeneyi, ndipo koposa onse anadzida yekha poopa pakamwa pa anthu. Koma munthu woti wangokwirira mwana wake umamukalipira bwanji?

"Bambo, si mankhwala akumwa," anatero motsitsa.

Mkuluyo sanamve, kapena sanafune kumva. Anayang'ana kabotoloko nthawi yaitali.

"Si amenewa unkati ndi a malungo a amayi oyembekezera? Ukanafika nawo dzana, Rakele, mng'ono wako akanamwako."

Rakele anaponya kabotolo m'bokosi momwe munali mabotolo opanda kanthu aja, anapukuta sosala ndi chitenje, n'kuibweza m'kabati.